Botolo Lopanda Dzina

Lachitatu, 8 Okutobala

Wodi ya amayi, bedi 7. Andigoneka cha m'ma 11 m'mawa. Ndikulemba ndi diso limodzi, lakumanjali latseka ngati ofesi ya boma pa nkhomaliro. Bukuli linali lokonzera maphunziro a Kemisitili a Fomu 3. Ma asidi adikire kaye, mphunzitsi wawo wapsa.

Kutentha kwa thupi 38.9. Magazi akuthamanga 158/96. Malungo alibe mlandu. Nkhope yatupa kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, yafiira, matuza a mafinya ali mbwee m'masaya. Pobwera ndinadzifunditsa chitenje kumutu, wakabaza mpaka anati, "Pepani mama, amwalira ndani?"

Mwa anthu onse ophunzira zachipatala m'dziko muno, woona matenda a khungu amene andipatsa ndi Gregory. Gregory yemwe uja ndinkamuphunzitsa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, wokhala kumbuyo kwa kalasi, wogona dzanja lili pachibwano ngati akuganiza. Lero wavala choyera, akundiunika ndi tochi.

"Madamu, pepani. Mwakhala mukudzola chiyani kumasoku?"

"Vasilini."

"Vasilini yekha?"

"Gregory, sindinakuphunzitse kufunsa funso limodzi kawiri."

Walemba m'buku langa la kuchipatala. Nkhope imene anaonetsayo ndimaidziwa. Ndi yanga. Ndimaionetsa mwana akandiuza kuti homuweki yake yadyedwa ndi mbuzi.

Mankhwala: sefitirayakisoni wa pamtsempha kamodzi patsiku, panado katatu. Kumaso osapakako kanthu kalikonse.

Lachinayi, 9 Okutobala

Kuno tsiku limayamba ndi mopu kugunda miyendo ya bedi. Kenako Sisita Zione, namwino wa ku Thyolo amene amadandaula kutentha kwa Karonga ngati tinachita kuitanitsa ifeyo. Kenako phala. Kenako magadiyani amatulutsidwa ngati nkhuku m'khitchini.

Pa bedi 8 pali a NyaGondwe a ku Hara, msinkhu wangawu, mlimi wa mpunga ndiponso wapampando wogawa madzi m'chigawo chawo cha sikimu. Anaponda khasu m'thope, phazi linatukusira. Anandiyang'ana kamodzi kokha n'kunena kuti, "Mkorogo uwu."

Mkorogo ndi mafuta osakaniza aja oyeretsa khungu, dzinali linabwera limodzi ndi machubu ake kuchokera kutsidya kwa Songwe.

Ndinati, "Mayi, ine ndili ndi digiri."

"Nadi? Ndiye ndi mkorogo wa digiri."

Wodi yonse inaseka, ngakhale mayi wa padiripi pakona uja.

Gregory wabwera cha m'ma 9. Sanafunse kanthu. Wangotenga dzanja langa n'kuliika pafupi ndi tsaya langa, n'kunditambula ndi foni yake. Chithunzi chake ndachiona. Dzanja la munthu wina, nkhope ya munthu wina. Anandionetsa timitsempha tofiira toyangayanga pamphuno, ndi ubweya umene wamera m'mbali mwa masaya.

"Madamu, munkatiuza kuti zotsatira sizinama, amanama ndi wolemba lipoti."

Mwana wopanda ulemu. Anali maso nthawi yonse ija eti?

Ndinaulula. Zaka ziwiri. Ndinayamba ndi chubu chimodzi chifukwa cha tiziwengo ta pachibwano. Tiziwengo tinatha m'masiku atatu, nkhope inasalala, inawala, m'chipinda cha aphunzitsi anayamba kufunsa ngati ndapeza mwamuna. Ndinapitiriza. Ndinkafinyira machubu awiri m'botolo la vasilini, kuthiramo gilisarini, kutakasa ndi supuni, machubuwo n'kuponya m'chimbudzi. Dzina la mankhwalawo ndinaliwerenga ndithu, kolobetasoli. Ndinkadziwa kuti ndi siteroidi wamphamvu kwambiri. Kapepala ka m'kati kanati osapitirira masabata awiri, osapaka kumaso. Ndinawerenga, ndinamvetsa, ndinakapinda bwinobwino n'kukataya.

Mwezi watha ndinasiya. Patatha masiku asanu ndi anayi nkhope inayaka. Ndinafinya matuza, ndinapaka mandimu, kenako mankhwala otsukira mano. Inde, ine. Mphunzitsi wa ma asidi.

Gregory anafotokoza kuti siteroidiyo amafinya timitsempha ta magazi n'kugonetsa chitetezo cha khungu. Khungu limapyapyala, limazolowera. Tsiku limene wasiya, timitsempha tonse timatseguka nthawi imodzi. Matendawa ndi rozesha woyamba ndi siteroidi. Chandigoneka kuno ndi tizilombo tolowa m'mabala amene ndinadzikumba ndekha.

Pomaliza anati, "Alipo wina kunyumba amene akudzola?"

"Palibe."

Bodza lachiwiri m'masiku awiri.

Lachisanu, 10 Okutobala

37.8. Diso latseguka pang'ono, ngati mphaka wokayikira. Shuga ali bwino. Magazi 146/90.

Malamulo a Gregory, ndalemba monga ananenera. Kusamba kumaso ndi madzi okha, osatentha, opanda sopo wonunkhira. Kansalu koviika m'madzi ozizira mphindi khumi, katatu patsiku. Kirimu woyera wopanda fungo amene wandipatsa, pang'ono chabe. Jekeseni akatha ndiyamba dokisisaikilini, mamiligalamu 100 patsiku, masabata asanu ndi atatu kapena kupitirira, kumwera madzi ambiri, osagona pansi nditangomwa, osamwera mkaka kapena chambiko. Tsabola ayi. Tiyi wotentha ayi. Mowa ayi. Paudala ayi. Dzuwa kulipewa.

Kupewa dzuwa. Ku Karonga. Mu Okutobala. Akauze usipa kuti upewe madzi.

Anandifunsanso ngati ndili woyembekezera, poti mapiritsiwo sagwirizana ndi mimba. Zaka 47! Ndamuuza kuti ndikamuneneza kwa amayi ake.

Wandichenjeza kuti zidzayamba zaipa zisanakhale bwino, ndipo ndidzalakalaka botolo lija. Ndikapakanso kamodzi, tiyambiranso poyambirira.

Masana wabwera Tusekile.

Ndilembe za iye bwinobwino, poti ndakhala ndikumuzungulira masiku atatu. Tusekile ndi mwana wa mchimwene wanga Ambokile. Amayi ake anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndinamutenga ine. Pano ndi mlangizi wa zaulimi ku Kaporo. Ukwati wake ndi Gordon uli pa 1 Novembala. Ine monga azakhali ndine womukonzekeretsa.

Walowa ndi kontena ya mbalagha, nthochi zophikira nyama momwe ndimazikondera, tsabola yense wa mumsika ali momwemo. Yadyedwa ndi a NyaGondwe. Sisita Zione anamuyamikira, "Akwatibwi akuwalatu, ee!" Iye anaseka mwamanyazi.

Ine ndi diso langa limodzi ndi theka ndimayang'ana zina. Masaya ake ali ndi kufiira kwina kosakhala kwa manyazi. Timatuza titatu pansi pa mphuno.

Anandigwira dzanja. "Anti, mwauma khungu. Mawa ndikubweretsereni mafuta anu aja, ndatsala ndi theka la botolo."

"Iyayi, usavutike."

"Si inu munati ndi a kokonati? Angaletse kokonati?"

"Aletsa zonse."

Ndi zimenezo. Sindinasiye kudzola chifukwa cha nzeru. Mayi amene amabweretsa machubu sanabwere mwezi watha, ndiye otsalawo ndinapatsa mkwatibwi. Wakhala akudzola kuyambira Juni, m'mawa ndi madzulo. Ndinamuuza kuti ndi mafuta a kokonati amene ndakonza mwasayansi, oteteza ku dzuwa la m'minda. Anakhulupirira. Akanakayika bwanji? Ndi ine ndinamuphunzitsa kuwerenga.

Loweruka, 11 Okutobala

Nkhope ikutentha ngati ndayiika pambaula. Ikusendeka. Kansalu kozizira kasanu, osati katatu. Kanula wa jekeseni pamtsempha anatupitsa dzanja, amusamutsira kumanzere.

Ndalakalaka botolo lija. Gregory ananena zoona, ndipo sindimukhululukira.

Tsiku lomwe akuchimuna anabwera kudzakambirana za malowolo, azakhali ake a Gordon ananong'oneza mnzawo, ine ndili pambuyo ndi beseni losambitsa m'manja. Anati, "Kamtsikanako n'kakuda bii, bola khalidwe." Ndikanawathira madziwo. M'malo mwake ndinapita kunyumba kukatakasa botolo lachiwiri.

Tusekile sanamve mawu amenewo. Anamva ndi ine ndekha.

Lamulungu, 12 Okutobala

37.2. Mafinya achepa. Kuyabwa kwawonjezeka. Sisita Zione wandiwenga zikhadabo ngati khanda, akuti sakundikhulupirira.

Atatuluka m'tchalitchi abwera amayi asanu a Umanyano, gulu lathu la kumpingo, ndi mpunga, mazira ndi nyimbo ziwiri. Apemphera mwamphamvu. Kenako atsitsa mawu. Akuti zoterezi sizibwera zokha. Akuti kusukulu kwathu kuli nsanje, ndipo aliyense akudziwa kuti Madamu Carol ankafuna udindo woyang'anira maphunziro a sayansi umene anandipatsa ine.

Carol! Munthu amene panopa akuphunzitsa makalasi anga onse pamwamba pa ake, amene wanditumizira mauthenga anayi ofunsa ngati ndikufuna sopo. Ndinati, "Amayi, ndi matenda chabe." Sindinanene zambiri. Mfiti inali gone pa bedi 7, ikuvomereza Ameni.

Atapita, a NyaGondwe anayamba kulankhula akuyang'ana kudenga.

"Kwathu kusikimu madzi timalandira mosinthana. Chaka china bambo wina anaboola khoma la ngalande kuti abe madzi tsiku losakhala lake. Bowo linakula. Kuti akauze komiti, manyazi. Anamata ndi thope, kuikapo udzu, kwinaku akuti ndidzanena tikamaliza kuwokera. Masiku atatu linagwira. Lachinayi, phuu! Mbande za mabanja asanu ndi limodzi zinapita ku msewu."

"Bamboyo munamutani?"

"Ndimamuphikirabe. Ndi mwamuna wanga. Ndinamulengeza ndekha pamsonkhano."

Ndinati sindikuona kuti nkhaniyi ikundikhudza pati.

"Yayi, mama, sikukhudzani. Koma mwana uja nkhope yake ndi khosi lake si za munthu mmodzi. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma maso ndinamaliza nawo."

Ndawerengera masiku. Kuchokera mawa mpaka ukwati, khumi ndi asanu ndi anayi. Ndikakhala chete, theka la botolo limufikitsa pa 1 Novembala ali wowala, zithunzi zidzakhala zokongola, ndidzamuuze pambuyo. Ndikanena, asiya, ndipo nkhope yake iyaka sabata yeniyeni ya ukwati. Ndinayesa kudziuza kuti kukhala chete ndi chifundo. Ndaphunzitsa ana zaka makumi awiri ndi zitatu, ndimadziwa yankho lobera ndikaliona.

Lolemba, 13 Okutobala

M'mawa. 36.9. Magazi 138/88. Jekeseni atsala awiri.

Ndamuitana Gregory pambali. "Ndili ndi mnzanga wina."

"Eya, Madamu."

"Wadzola miyezi inayi. Ali ndi mwambo wofunika pa 1 Novembala. Atati angopitiriza masabata atatu okha?"

Anakhala pampando wa gadiyani. Anati sabata iliyonse yowonjezera imapyapyalitsa khungu, ndipo timitsempha tina tikaonekera sitibwereranso. Ngati kufiira ndi timatuza zayamba kale akudzolabe, ndiye kuti ngakhale botololo layamba kulephera, likhoza kumutaya tsiku lililonse. Makamaka munthu woyenda padzuwa. Koma wa miyezi inayi sali ngati wa zaka ziwiri. Asangosiya yekha ngati ine. Abwere amuone. Akhoza kumutsitsa pang'onopang'ono ndi haidirokotizoni wofooka kwa masabata ochepa, pamodzi ndi mapiritsi, kuti moto usabuke wonse nthawi imodzi.

"Ndiye pa tsikulo adzakhala bwino?"

"Sindingalonjeze. Adzafiira, mwina adzasendeka. Mtundu wake weniweni uyamba kubwerera, ndipo subwerera mofanana paliponse. Koma sadzagona pa bedi ili." Anaimirira. "Mnzanuyo mumuuze kuti kiliniki ndi mawa, 8 koloko. Abweretse botolo. Ndipo Madamu, mnzanuyo ndinamuona Lachisanu pakhomo la wodi, atanyamula kontena."

Anthu onse m'chipatala muno ali ndi maso kupatula ine.

Madzulo. Ndamuuza Tusekile.

Anabwera nthawi ya nkhomaliro ndi mpunga ndi nsomba zopanda tsabola, anachita kufunsa kwa Sisita zimene ndikuloledwa kudya. Amandionetsa pafoni nsalu za operekeza akwati. Ndinati, "Tuse, ika foniyo pansi. Yang'ana nkhope yangayi. Yachita izi ndi mafuta aja."

Anaseka. "Kokonati?"

"Mulibe kokonati. Simunakhalepo kokonati."

Ndinafotokoza zonse, machubu, supuni, kapepala kamene ndinataya. Ndinafotokoza bwino kwambiri, mwadongosolo, ngati phunziro. Ndi chokhacho chimene ndimatha. Dzanja lake linapita pa tsaya lake n'kukhala pomwepo.

"Ndiye kuyera kumeneku si kuti dzuwa lasiya kundiwotcha?"

"Ayi."

"Munkandiyeretsa."

"Eya."

"Ine ndinakupemphani?"

Ndinayamba kukonza bulangeti.

"Anti, ndikufunsa. Ndinabwera kwa inu kudzadandaula khungu langa?"

Ndinamuuza za azakhali a Gordon ndi beseni lija. Ndinkaganiza kuti zindithandiza.

"Ndiye mayi uja ananena kamodzi, monong'ona. Inu mwakhala mukunena m'mawa ndi madzulo miyezi inayi, ndi manja anga omwe." Mawu ake sanakwere, bola akanakuwa. "Gordon anandifunsa mu Ogasiti kuti ukudwala kodi, ukuoneka ngati wina. Ndinamukalipira. Ndinati usanyoze mafuta a Anti anga, anapita ku yunivesite."

Ndinanena za kiliniki ya mawa, 8 koloko, kuti asasiye yekha, abweretse botolo. Ndinabwereza kawiri. Anatola chikwama chake.

"Khungu limeneli ndi la amayi anga. Ndi chokhacho anandisiyira."

Anatuluka osatsanzika. Mpunga uli pa kabati, sindinautsegule. A NyaGondwe nawonso sanaupemphe.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Jekeseni womaliza. Kanula achotsa. Mawa ndiyamba mapiritsi.

Tusekile sanabwere kuwodi. Foni yake ikuitana, sakuyankha.

Ndamufunsa Gregory ngati kukiliniki kunabwera munthu wa ku Kaporo. Akuti, "Madamu, za wodwala wina sindinena." Ndamutcha wosayamika. Ndamukumbutsa kuti ndinamupatsa 52 pomwe anayenera 48. Wangomwetulira.

Ndalembera Carol uthenga womuuza chimene chandidwalitsa, ndi zimene anthu akumunenera, ndi kuti ndikazikonza ndekha ku Umanyano. Wayankha kuti, "Ndinkadziwa kalekale, mnzanga. Sopo ukufuna kapena ayi?"

Ndaganiza kuti ku ukwati sindipita. Ndidzanena kuti adokotala aletsa dzuwa. N'zoona ndithu, aletsadi.

Lachitatu, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala. M'wodi muli zitenje zatsopano paliponse, ana abwera ndi mafulasiki ndi mabisiketi. A NyaGondwe alandira zitenje zitatu ndi nkhuku yamoyo, imene Sisita Zione waithamangitsa pamodzi ndi amene anaibweretsa. Ine ndinatembenukira kukhoma ndi kansalu kanga kozizira. Chaka chilichonse chiyambireni ntchito, Tusekile amandigulira chitenje pa tsikuli.

Dokisisaikilini woyamba 7 koloko, makapu awiri a madzi, kukhala tsonga theka la ola. 36.7. Mawa nditulutsidwa. Kubweranso pakatha masabata awiri.

Tusekile wabwera cha m'ma 12. Wavala chipewa chachikulu cha mlaza, cha alimi ake aja. Kumaso mbuu, sanadzole kanthu konyezimira. Sanakhale pansi. Anaika buku lake la kuchipatala pa bulangeti langa kuti ndione ndekha. Zolemba za Gregory, zoipa ngati kale: haidirokotizoni kawiri patsiku sabata yoyamba, kamodzi sabata yachiwiri, kenako kudumphitsa tsiku. Mapiritsi ngati angawa. Botolo analisiya konko.

"Gordon ndamuuza. Akuti bola, ankaopa kuti akwatira mlendo."

"Tuse, ine ku ukwati ndaganiza kuti..."

"Mubwera."

"Adokotala aletsa dzuwa."

"A Gregory akuti chipewa ndi ambulera zikwanira, ndafunsa kale. Mubwera, Anti. Mudzaima pambali panga pa zithunzi zonse. Popanda paudala, poti tonse atiletsa. Ine ndikafiira, inu mwafiira kale. Anthu akafunsa kuti akwatibwi atani kumaso, sindidzayankha ine. Mudzayankha inu."

"Pamaso pa azakhali a Gordon?"

"Makamaka amenewo. Ndipo Loweruka pa chilangizo changa, paja munakonza zolankhula za kusamala banja? Zimenezo zisiyeni. Mukanene za botolo. Atsikana awiri operekeza akwati anandipempha kuti ndiwapungulireko."

"Unawapatsa?"

"Ayi. Ndinali womana. Ndinkati ndi mphatso ya Anti anga."

Kuchokera pa bedi 8 kunamveka, "Mulengezeni, mwana wanga, pamsonkhano!" Ndinawauza a NyaGondwe kuti asamale phazi lawo.

Kenako Tusekile anatulutsa kapepala kokulunga m'chikwama n'kukaponya pamiyendo panga. Chitenje. Chobiriwira, cha timasamba ta mpunga.

"Ndinagula kale mu Seputembala, musaganize zambiri," anatero. "Za kukhululuka ndidzakuuzani ndikadzaona zithunzi."

Anaviika kansalu kanga m'kapu, anakafinya, n'kukaika pa tsaya langa mwamphamvu kuposa mmene Gregory analamulira. Patapita kanthawi anakachotsa, anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa Sisita ngati pali kansalu kena koyera. Tinakhala choncho mphindi khumi, aliyense atagwira tsaya lake.

Atapita ndatsegula tsamba latsopano kumapeto kwa bukuli, pamene panayenera kukhala phunziro la ma asidi. Ndalemba deti la Loweruka, mutu wa phunziro, ndi zofunika kubweretsa mphunzitsi. Pamenepo ndalemba chinthu chimodzi: nkhope.